Bibu ya a GS

Ku Bolero kuli atsikana aulemu, koma Twambilile Mhango anachita kunyanya. Mtsikana ameneyu ankagwada popereka madzi, ankagwada polandira moni, ndipo anzake a Folomu 3 ankalumbira kuti anamuonapo atagwada poyankha foni chifukwa woyimbayo anali mkulu wa mpingo. Kaya n'zoona kaya n'kusinjirira, mboni anali maondo akewo: akuda bii, olimba ngati zidendene za mlimi wa fodya.

Ulemu umenewu sanautole panjira. Mayi ake anamwalira iye akadali wa kumsana, bambo ake n'kupita ku Joni ulendo wosabwerako, ndiye anamutenga ndi mlongo wa bambo akewo, mayi Dora Mhango, amene anaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ya mishoni mpaka kupuma. Kwa Atumbuka munthu wotere si azakhali wamba ayi. Ndi Ankhazi, ndipo Ankhazi akatsokomola banja lonse limamwa mankhwala. Iwowa ndiwo anamuphunzitsa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, sayankhula naye ataimirira, ndipo dzina la wamkulu silituluka pakamwa pa mwana ngakhale nyumba ikupsa. Musaganize kuti Twambilile ankangowaopa. Ankawakonda zenizeni. Padziko lonse lino analibe munthu wina womudikira pakhomo akachedwa ku sukulu, womukalipira kaye kenako n'kumupatsa mbatata yootcha imene amusungira m'phulusa.

Ndiye patchuthi china kunabwera bungwe lophunzitsa ana a sekondale ukochi ndi utsogoleri. Ahedi anasankha Twambilile chifukwa anali wamtali ndipo anali asanayambitsepo phokoso, pakuti kwa ahedi utsogoleri ndi umenewo. Maphunzirowo anachitikira ku boma la Rumphi, ndipo wophunzitsa anali a Kamwendo a ku Dedza, bambo wamfupi wa mawu ngati a munthu wamtali.

"Kochi sanong'ona!" ankatero a Kamwendo, akudumphadumpha patsogolo. "Kochi amaima njo, amayang'ana wosewera m'maso, amamutchula dzina. Wosewera akamawononga masewera, kochi amamutulutsa, ngakhale akhale mwana wa a DC!"

Anzake ankaombera m'manja. Twambilile ankangoganiza kuti ku Dedza kulibe Ankhazi.

Pomaliza aliyense anapatsidwa mpira, wezulo ndi mabibu ovala osewera, n'kuuzidwa kuti akapeze timu kwawo, aiphunzitse, ndipo a Kamwendo adzabwera kudzaona ikusewera. Anzake anakatenga tiana ta pulayimale, tomwe ukatiyimbira wezulo timathamanga ngati nkhuku zaona chimanga. Twambilile nayenso ankafuna tomweto. Cholakwa chake chinali chimodzi: anatsegula chikwama pakhonde Ankhazi akuona.

"Mpira wa ntchembere mbaye?" anatero Ankhazi, akuufinya. "Ndiye ukaphunzitse ana a eni, ntchembere zenizeni zili pompano? Amayi a Umanyano tikuyamba Lachitatu."

"Yewo, Ankhazi," anatero Twambilile atagwada.

Lachitatu lija amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, anasonkhana pa bwalo la kuseri kwa tchalitchi, pomwe anyamata anali atazika mitengo iwiri ya bulugamu n'kukhomapo maringi a chitsulo. Anayamba ndi pemphero ndi sumu, nyimbo ya m'buku. Twambilile atapempha kuti atenthetse thupi, NyaGondwe wamkulu, mkazi wa mlembi wa mpingo, anamuyankha kuti iwo achokera kudimba, thupi latentha kale, mwina iyeyo ndiye atenthetse lake.

Vuto linayamba pa mabibu. Amayiwa anasewerapo mpirawu ali atsikana, koma nthawi yawo kunalibe zovala za zilembo. NyaGondwe wamkulu anatola bibu imodzi, anaiyika patali ndi maso, n'kuwerenga mwaulemu.

"GS. Ha! Iyi ndi ya General Secretary."

Inu a kwina mwina simungamve, koma kuno mwana aliyense wa Chipulesibeteriya amadziwa kuti a GS ndi munthu wamkulu ku Sinodi, wolowa pa galimoto anthu ataimirira. Amayi onse anatembenukira kwa Ankhazi. Ndani winanso?

Twambilile anagwada. "Amama, pepani, zilembozi zikutanthauza wogoletsa zigoli."

"Ndiye?" anatero Ankhazi, atavala kale. "Ukuganiza kuti ku Sinodi amagoletsa ndani?"

Basi zinatha choncho. C inapita kwa NyaGondwe wamkulu chifukwa amuna awo ndi a Clerk. WD anati ndi Women's Desk. GA anati ndi General Assembly, ndipo amayi awiri anatsala pang'ono kukhumudwitsana polimbirana. GK inasowa tanthauzo, ndiye anaipereka kwa mayi wina amene anali atangolowa kumene mpingo.

Ukochi wa Twambilile unali wosaoneka kwina kulikonse. Atayimba wezulo koyamba, Ankhazi anaima chilili n'kufunsa ngati iwo ndi ng'ombe. Kuyambira pamenepo ankayamba wanena kuti "Odi, amama," kenako n'kuyimba pang'ono, mwaulemu. Malangizo ankapereka atagwada. Amayiwo, poona mwana wagwada, ankasiya mpira n'kubwera kudzamva, ena n'kuyambanso moni wa masana. Kutchula maina kunali kosatheka. Akati "A NyaGondwe!" ankatembenuka amayi atatu, mpira n'kumenya wachinayi. Akati "A NyaMhango!" ankayankha Ankhazi ndi ena awiri. Choncho anayamba kuwaitana ndi zilembo, ndipo amayiwo anakondwa nazo kwambiri. Pasanapite nthawi, ku msika wa Bolero ogulitsa tomato ankati, "A GS, lero tikupatseni wa bwanji?" Ankhazi ankayenda ngati nthaka aigula.

Chodabwitsa n'chakuti timuyo inayamba kuoneka timu. Amayi onyamula zidebe pamutu sagwetsa mpira mwachisawawa, ndipo Twambilile, ngakhale ali chogwada, maso anali nawo. Anawaphunzitsa kuima osakokera phazi, kupatsirana mwachangu, kutsekereza mdani osamukumbatira. Mpira unkachoka kumbuyo, kudutsa pakati ngati madzi a mu ngalande, kufika m'manja mwa a GS.

Pamenepo n'kufera pomwepo.

Abale, Ankhazi sankagoletsa. Sindikunena kuti ankaphonya kawirikawiri ayi, ndikunena kuti sankagoletsa. Ankaima bwinobwino, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuponya mwa ulemerero wonse, mpira n'kupita kukaona za kwa abusa. Zifukwa ankakhala nazo zokonzeka: ringi yapendekeka, dzuwa lalowa m'maso, anyamata anazika mtengo ataledzera. Tsiku lina anati ringiyo ikusuntha. Amayi onse anavomera kuti inde, nawonso aiona ikusuntha.

Pambali pa bwalo, pa benchi ya tchalitchi, pankakhala Isabella, mkazi wa Amock, mwana wamwamuna wa Ankhazi. Anali mtsikana wa kunyanja ku Mlowe, wamtali, wa mikono yozolowera kukweza madengu a usipa pa thandala. Akapatsidwa mpira apongozi ake ali pomwepo, ankaphonya mosamala kwambiri, mwina kuposa mmene ena amagoletsera. Koma tsiku lina Ankhazi anapita ku maliro, Twambilile n'kumuimika Isabella pansi pa ringi. Mtsikana uja anaponya, mpira unalowa. Anaponyanso, unalowa. Anabwerera m'mbuyo mpaka kumapeto kwa mzere, unalowabe, osakhudza n'chitsulo chomwe. Amayi anayang'anana mwamantha ngati aona njoka m'nyumba.

"Ife sitinaone kanthu," anatero NyaGondwe wamkulu. Isabella naye anapempha kuti zisakamveke kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo Twambilile anasowa mtendere. Masewera oti a Kamwendo adzaone anali atakonzedwa kale: akazi a marenja oteteza nyama zakutchire ku Thazima, anthu okwera mapiri tsiku ndi tsiku, anali atavomera kubwera. Twambilile ankadziwa choyenera kuchita. Koma kuchotsa Ankhazi pa u-GS pamaso pa Bolero yense? Satifiketi ya ukochi sankaidandaula kwenikweni. Chimene chinkamuopsa ndi chakuti mwina akachita zimenezo, pakhomo paja padzakhala chete, ndipo munthu yekhayo amene ali naye adzamuyang'ana ngati mlendo.

Anayesa njira zonse za anthu amantha. Anapita kwa NyaGondwe wamkulu kukapempha kuti akamuyankhulire kwa Ankhazi.

"Mwana wane, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero mayiwo. "Ine ndimakhala nawo benchi imodzi Lamulungu."

Anapita kwa abusa. Abusa anamvetsera mwachifundo, anati nkhaniyo ndi yofunika kuipempherera, kenako anakumbukira kuti akudikiridwa kwina. Pomaliza anayesa nzeru yake. Madzulo ena, akusenda nawo nyemba, anayamba mozungulira.

"Ankhazi, a Kamwendo anati matimu akuluakulu amakhala ndi Modereta. Munthu wolemekezeka, wokhala pa mpando pambali, woyang'anira zonse."

Ankhazi sanadzutse n'mutu womwe. "Modereta ali ndi bibu?"

"Ayi, Ankhazi."

"Ndiye umupatse NyaGondwe. Senda nyembazo."

Loweruka la masewera linafika. A ku Thazima anatsika pa pikapu akuyimba, miyendo yawo ngati mitengo ya mlombwa. A Kamwendo anafika pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Anthu anadzaza bwalo: ana asukulu, akuluakulu a mpingo, ogulitsa zitumbuwa, ngakhale amuna a pa bawo anasiya bawo. Ankhazi anali atasita bibu yawo ndi simbi ya makala.

Woyimbira, mphunzitsi wa pa pulayimale, anayimba wezulo, ndipo amayi a Umanyano anadabwitsa anthu. Anawalanda mpira a ku Thazima, kupatsirana mwaukhondo, anthu n'kukuwa. Mpira unafika kwa a GS. A GS anatsinzina diso, anaponya. Mpira unagwera m'beseni la zitumbuwa.

Wachiwiri unamenya mtengo n'kubwerera kwa eni ake. Wachitatu abusa anachita kuuwakha, apo ayi magalasi akanapita. GA, yemwe nayenso amaloledwa kugoletsa, sankayerekeza n'komwe: General Assembly ingaponye bwanji a GS ali pomwepo? Mayi wa ku Thazima amene ankatchinga Ankhazi anaona kuti palibe ntchito, anasiya kudumpha, anangoima n'kumawalimbikitsa kuti, "Yesaniso, amama, pafupi chomene." Chipongwe chaulemu chotere chimapweteka kuposa kutukwana. Anyamata a sekondale anayamba kuyimba kuti a GS apite ku Sinodi. Twambilile anaona khosi la Ankhazi likuuma, thukuta likutsika, akuyang'ana ringi ija mokwiya ngati yawalakwira. Zinamupweteka mumtima. Anthu sankaseka timu ayi, ankaseka Ankhazi ake.

Pofika nthawi yopuma ya pakati, a ku Thazima anali patali, a Bolero alibe ngakhale chimodzi. A Kamwendo anayandikira, akupukuta fumbi.

"Kochi, timu yako ndi yabwino zedi. Koma chidebe chako chabooka pansi. Ukuona pomwe chabookapo?"

"Ndikuona, sala."

"Ndiye ine ndakhala apo," anatero, n'kubwerera pa mpando.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Twambilile anayenda kupita pomwe amayi ankamwa madzi. Anafika pamaso pa Ankhazi, anagwada pa fumbi, maso pansi.

"Ankhazi, pepani chomene. Ndikupempha bibu."

Amayi onse anasiya kumwa. Isabella anabisala kuseri kwa NyaGondwe wamkulu, ngakhale anali wamtali kuposa iwo.

"Wati chiyani?"

"Ndikupempha bibu, Ankhazi. Alowe alamu."

"Ukupempha," anatero Ankhazi pang'onopang'ono. "Wopempha amakanizidwa. Ndakana."

Misozi inayamba kulengeza m'maso mwa Twambilile. Izi a Kamwendo sanaphunzitse.

"Imirira," anatero Ankhazi.

"Ankhazi?"

"Ndati imirira! Ine ndaphunzitsa ana mpaka imvi, sindinatulutsepo mwana m'kalasi nditagwada. Ukandichotsa uli pansipo, a ku Thazimawa akakamba kuti gogo uja anatopa yekha, mwana anachita kumupepesa. Ine sindinatope. Ngati ndikutuluka, nditulutsidwe ndi kochi, Bolero yense amve."

Twambilile anadzuka. Aka kanali koyamba kuima pafupi chotere ndi Ankhazi, ndipo anadabwa kuona kuti akuwayang'ana pamwamba pa duku. Anali aafupi chonchi kuyambira liti?

"A GS," anayamba, "tulukani."

"GS ndi bibu iyi. Bibu situluka, itsala m'bwalo. Akutuluka ndani?"

"A NyaMhango, tulukani."

Amayi awiri, WA ndi WD, anayamba kuvula mabibu awo momvera.

"Waona?" anatero Ankhazi. "A NyaMhango tilipo atatu, ndi iwe anayi. Tituluke tonse? Amene akutuluka ali ndi dzina lake. Anabatizidwa."

"Chiuta wane!" ananong'ona NyaGondwe wamkulu, atagwira pakamwa.

Dzina lija Twambilile ankalidziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti moto umawotcha. Ankaliona pa Baibulo la Ankhazi, ankalimva kwa anzawo akale, koma lilime lake linali lisanalinyamulepo. Anatsegula pakamwa, panatuluka kamawu ngati ka kamwana ka nkhuku.

"Sindinamve," anatero Ankhazi. "Ndiyang'ane kuno."

Anawayang'ana m'maso. Anakoka mpweya wonse wa ku Bolero.

"Dora Mhango! Tulukani!"

Mawu aja anafika mpaka ku msika. Mbuzi imene inkadya pafupi ndi mzere inathawa. Anyamata oyimba aja anatseka pakamwa, abusa anavula magalasi, ndipo a Kamwendo, osadziwa kuti pagwa chiyani, anaombera m'manja okha. Twambilile anaima pomwepo akulira poyera, akudikira kuti thambo ligwe.

Ankhazi anavula bibu mosafulumira, anaikung'untha fumbi, n'kuitana Isabella. Mtsikana uja anabwera chokwawa, anailandira ndi manja awiri.

"Ukaphonya dala ngati mmene umachitira muja," anatero Ankhazi, "ndikubweza ku Mlowe pa pikapu yomweyi. Ukuganiza kuti sindimamva amayiwa akamanong'ona?" Kenako anatembenukira kwa Twambilile. "Iwenso, dzina limenelo lathera pa bwalo pano. Ukalitchula kunyumba ukagona ndi nkhuku."

"Yewo, Ankhazi."

"Pukuta mamina. Kochi wanji wa mamina?"

Anayenda mwa ulemerero wawo wonse kukakhala pa benchi, pafupi ndi pomwe kochi amaima. Woyimbira anayimba, masewera anayambanso. Mpira unachoka kwa C, kupita kwa WA, kufika kwa Isabella. Mtsikana wa ku Mlowe anayang'ana kaye kwa apongozi ake, kenako anatambasula mikono. Bwalo lonse linaphulika. Amayi a Umanyano analulutira, ogulitsa zitumbuwa anavina, NyaGondwe wamkulu anaiwala udindo wa amuna awo n'kudumpha.

Twambilile anamva wina akumukoka siketi. Anali Ankhazi, atakhala chiwongokere, nkhope yolunjika ku ringi ija, osatembenuka.

"Chalowa?" anafunsa motsitsa mawu.

Twambilile anawayang'ana. Ringi inali pafupi, dzuwa linali kumbuyo kwawo, panalibe munthu wowatchinga.

"Chalowa, Ankhazi."

"Uzindiuza chilichonse. Ine ringiyo ndinasiya kuiona chaka chatha, ndimangoponya komwe anthu ayang'ana." Anakonza duku lawo. "Usauze NyaGondwe."

M'bwalo mpira unali utabwerera kale pakati, ndipo WD anali atasiya munthu wake yekhayekha. Twambilile anakuwa kuti WD abwerere pamalo pake, dzanja lina atagwira phewa la Ankhazi. Isabella analandiranso mpira, anaponya.

"Chalowa, Ankhazi," anatero.